Kuzunzana kwa Ana pa Sukulu: M'mene Akulu Anaphunzirira Kufunsa Ana

Palibe sukulu imene inakhalapo, kaya ya pansi pa mtengo kaya ya njerwa zoocha, yopanda mwana wamphamvu wosautsa mnzace wofooka. Ngakhale ku ubusa, kumene kulibe belu kapena mphunzitsi, nkhani njomweyo: mbusa wamkulu amakhala pa culu nkumatuma wamng'ono kukabweza ng'ombe dzuwa lonse, ndipo akatopa nako kukhala, amayambanitsa tiana tiwiri kuti timenyane iye alikuonerera. Mcitidwe umenewu ngwakale-kale, ndipo anthu a mitundu yonse amaudziwa. Cimene ciri catsopano ndi ganizo lakuti mcitidwewu ndi bvuto la sukulu, loyenera kulifufuza ndi kulithetsa. Ganizoli linayamba kuzika mizu m'zaka za m'ma 1970, ndipo linakula pamene akulu anayamba kucita cinthu cimene sanacizolowere, ndico kufunsa ana eni ace zimene amaona ndi m'mene amazimvera.

Umboni womveka bwino wa masiku akale umacokera ku England, m'masukulu ogonera konko a ana a anthu acuma, monga Eton, Winchester, Harrow ndi Rugby. Kumeneko m'zaka za m'ma 1800 kunali mwambo wochedwa fagging, wakuti mnyamata wamng'ono azitumikira wamkulu: kumkonzera cipinda, kumpukutira nsapato, kumphikira tiyi, ndi kuthamanga msanga akamva kuitana. Thomas Arnold, amene anali mkulu wa sukulu ya Rugby kuyambira 1828 kufikira imfa yace mu 1842, sanathetse mwambowu ai. Iye anaulimbitsa ndi malamulo, napereka mphamvu yolanga kwa anyamata a m'kalasi yomariza, pokhulupirira kuti akulu odalirika adzachinjiriza ang'ono kwa anzao ankhanza.

Mmodzi wa ophunzira a Arnold, dzina lace Thomas Hughes, anasindikiza mu 1857 nkhani yopeka yochedwa Tom Brown's School Days. M'bukumo muli mnyamata wankhanza, Flashman, amene pamodzi ndi anzace agwira Tom nkumuyandikizitsa ku moto kufikira atakomoka, cifukwa cakuti anakana kuwagulitsa tikiti ya mjaha wa akavalo. Cofunika kuciona ndi cimene cinatsatira. Tom atatsitsimuka sanaulule amene anamuoca, ndipo wolemba bukulo akuonetsa kukhala ceteko monga cizindikiro ca mnyamata wolimba mtima. Tom ndi mnzace East anadzathana naye Flashman ndi nkhonya zao, ndipo pomariza Flashman anacotsedwa sukulu atapezeka ataledzera. Phunziro limene ana a nthawi imeneyo anatolapo linali loonekeratu: kuzunzidwa ndi gawo la kukula, kuneneza mnzako kwa aphunzitsi ncamanyazi, ndipo wozunzidwa adzipulumutse yekha. Bungwe limene boma la Britain linaika mu 1861, lotsogoleredwa ndi Lord Clarendon, linayendera masukulu 9 otere. M'lipoti lace la 1864 linachula zoipa zina, koma mwambo wa akulu kulamulira ang'ono linaubvomereza. Dongosolo la mapulifeketi ndi nyumba zogona ana linafalikira pambuyo pace m'maiko olamulidwa ndi Britain, ndipo lamulo losalembedwa lija lakuti mwamuna saneneza linapeza kwina kuli konse nthaka yolimidwa kale.

Ku America, Frederic Burk analemba nkhani ya kunyozana ndi kuzunzana kwa ana mu 1897, koma ocepa okha anamtsata. Panapita zaka 70 nkhaniyi iri gone.

Inadzuka ku Sweden. Mu 1969 dotolo wina, Peter-Paul Heinemann, analemba za gulu la ana kuukira mwana mmodzi, ndipo mu 1972 anatulutsa buku la nkhani yomweyo. Posowa dzina, anabwereka mau a ophunzira za makhalidwe a nyama, onena za timbalame tikasonkhana kupirikitsa mdani, monga nthengu zimacitira ndi kabawi. Motero kunabadwa mau akuti mobbning, amene anafala msanga m'manyuzipepala ndi m'makomo. Apa mpofunika kuona mphamvu ya dzina: makolo amene kale ankati ana alikusewera, tsopano anali nalo liu lochulira cimene cinali kuliza mwana wao usiku.

Munthu amene anasandutsa nkhaniyi kukhala phunziro lenileni anali Dan Olweus, wobadwa ku Sweden mu 1931, amene anagwira nchito zaka zambiri pa yunivesite ya Bergen ku Norway, namwalira mu 2020. Kuyambira 1970 anafufuza anyamata mazana angapo a kufupi ndi Stockholm, ndipo buku lace linatuluka mu 1973, lomasulira m'Cingerezi mu 1978. Olweus sanakhutire ndi fanizo la mbalame lija, pakuti linkapatsa anthu maganizo akuti khamu lonse limangopsa mtima mwadzidzidzi nkuukira wacilendo. Iye anapeza kuti kawiri-kawiri oyambitsa ndi ana awiri kapena atatu, mwinanso mmodzi yekha, ndipo amacita zimenezi kwa miyezi ngakhale zaka. Anatsutsanso cikhulupiriro cakuti wozunza ndi mwana wamantha wobisa mantha ace ndi ukali: ambiri mwa iwo anali odzidalira, okonda kulamulira, ndi acifundo cocepa. Kucokera m'nchito imeneyi anapereka tanthauzo limene ligwiritsidwa nchito kufikira lero, lakuti mwana alikuzunzidwa ngati wina amcitira zoipa mwadala, mobwereza-bwereza, ndipo iye alibe mphamvu zodzichinjirizira. Mbali yomarizayi ndiyo mutu wa nkhani. Anyamata awiri ofanana mphamvu akamenyana, imeneyo ndi ndeu, ndipo ndeu iri ndi mankhwala ace. Acewa amadziwa kusiyanaku pa cisuweni: asuweni amanyozana mau oti wina angakomoke nao, koma palibe mlandu, cifukwa ali yense wa iwo ali ndi ufulu wobweza. Kumene mmodzi yekha ndiye anena, winayo nkumangoyang'ana pansi, cisuweni catha.

Kwa zaka zingapo akulu a maphunziro ku Norway sanacitepo kanthu. Koma cakumapeto kwa 1982 nyuzipepala inalengeza kuti anyamata atatu a zaka za pakati pa 10 ndi 14, a kumpoto kwa dzikolo, anadzipha, ndipo zinaoneka kuti cifukwa cace cinali kuzunzidwa ndi anzao. Dziko lonse linagwedezeka. Mu 1983 unduna wa maphunziro unayambitsa nchito yolimbana ndi mcitidwewu m'masukulu onse a pulaimale ndi a sekondale yoyamba, ndipo Olweus anakonza pepala la mafunso loti ana ayankhe okha, osalembapo dzina. Ana oposa 130,000 anayankha. Kunali kuyamba m'mbiri ya maphunziro kuti ana ambiri cotero afunsidwe za moyo wao wa pa bwalo la sukulu.

Mayankho ao anacititsa akulu manyazi. Mwana mmodzi mwa 7 ali onse anali m'kati mwa nkhaniyi: pafupi-fupi 9 mwa 100 anali ozunzidwa, ndipo pafupi-fupi 7 mwa 100 anali ozunza anzao, ena ocepa ali mbali zonse ziwiri. Ozunzidwa anacuruka m'makalasi a ang'ono, ndipo ambiri a iwo ankasautsidwa ndi ana a makalasi apamwamba. Malo oopsa sanali njira yopita kunyumba monga akulu ankaganizira, koma pa sukulu penipeni, maka-maka pa nthawi yopuma. Ndipo kumene aphunzitsi ambiri ankaturuka kukakhala pa bwalo, kuzunzana kunali kocepa. Kukula kwa kalasi kapena kwa sukulu sikunasinthe kanthu kweni-kweni. Cowawa koposa cinali cakuti mwa ana ozunzidwa a ku pulaimale, pafupi-fupi 65 mwa 100 anati mphunzitsi wa kalasi yao sanalankhule nao za bvutolo. Ana onse m'kalasi ankadziwa dzina la wozunzidwa ndi la womzunza. Munthu mmodzi yekha wosadziwa anali amene anaimirira pa bolodi.

Ku Bergen, pakati pa 1983 ndi 1985, Olweus anatsatira ana 2,500 m'masukulu 42 amene anayesa njira zace, monga kuyang'anira pa bwalo, malamulo opangana ndi ana m'kalasi, ndi kukambirana ndi makolo. Ndipo kuzunzana kunatsika ndi theka. Kwina zotsatira sizinafike pamenepo. Erling Roland, pofufuza m'cigawo ca Rogaland m'dziko lomwelo, anapeza kuti phindu linaoneka m'masukulu okhawo amene anagwiradi nchitoyo ndi mtima wonse, ndipo kuyesa kwa ku Sheffield ku England, m'masukulu 23 pakati pa 1991 ndi 1993, kunabala zipatso zocepa kuposa za ku Bergen.

Pa nthawi yomweyo dziko la Japan linali kuphunzira phunziro lina mowawa. Mu 1985, pa sukulu ina ya ku Tokyo, ana anacita maliro abodza a mnzao wa zaka 13 ali moyo: pa desiki yace anaikapo maluwa ndi lubani, ndi kadi ya mau otsazika imene anasainapo ana ambiri a m'kalasimo, ndiponso aphunzitsi anai. Mnyamatayo anadzipha mu February 1986. Bwalo loyamba la milandu linaona malirowo ngati cibwana cabe, ndipo linali bwalo lapamwamba, mu 1994, limene linagamula kuti kunali kuzunza. Ambiri mwa osaina aja sanammenye mnyamatayo ngakhale kamodzi, ndipo mwina ali yense wa iwo anapita kwao tsiku limenelo ndi mtima woyera. Katswiri wa ku Japan, Yohji Morita, anafotokoza kuti ijime, ndilo dzina la mcitidwewu kumeneko, iri ndi magulu anai: wozunzidwa, omzunza, osekerera, ndi ongoyang'ana kumbali. Lamulo limene dzikolo linakhazikitsa mu 2013 limayesa mlandu poyang'ana kuwawa kumene mwana wocitiridwayo wamva, osati pofunsa wocitayo ngati anali kusewera.

Ku Finland, Christina Salmivalli ndi anzace anayesa ganizo lotere ndi ciwerengero. Mu 1996 anasindikiza zimene anapeza pa ana 573 a zaka 12 ndi 13, amene anafunsidwa kunena zimene mnzao ali yense wa m'kalasi amacita wina akamazunzidwa, ndi zimene iwo eni amacita. Ozunza eni ace anali 8 mwa 100. Othandiza kugwira ndi kuchinga njira anali 7, osekerera ndi ocemerera pafupi-fupi 20, odzipatula osafuna kudziwa kanthu 24, ndipo oimira mbali ya wozunzidwa 17. Koma ana podzinena okha anacepetsa nkhanza zao, nadziwerengera ambiri m'gulu la oleretsa kapena la osakhudzidwa, mosiyana ndi umboni wa anzao. Apa mpamene panaonekera malire a kudziwa kwa ana: za anzao amaona bwino lomwe, za iwo eni amaona mwa cimbuuzi. Ku Toronto m'dziko la Canada, Debra Pepler ndi Wendy Craig anajambula ana pa bwalo la masewero ndi makamera ali patali, anawo atabvala timaikolofoni. Anapeza kuti pa zocitika 85 mwa 100 panali ana ena oonerera, ndipo kufufuza kotsatira, kosindikizidwa mu 2001, kunasonyeza kuti mwana wina akaleretsa, kuzunzako kunkaleka pasanathe masekondi 10 pa zocitika 57 mwa 100. Wozunza amafuna omuonerera monga wobvina amafunira oomba m'manja. Pa maziko amenewa yunivesite ya Turku inakonza dongosolo lochedwa KiVa, limene linafalitsidwa m'masukulu a Finland kuyambira 2009, ndipo nchito yace yaikulu iri pa oonerera aja. Makolo akale anali ataciona kale cimeneci pamene ankati caona mnzako capita, mawa ciona iwe; cimene ofufuza anaonjezapo ndi umboni wakuti woonerera si mlendo pa mlanduwo.

Panatsala funso limene liyenera kukhudza koposa wophunzira za zinenero. Pepala la Olweus linkayamba ndi kuwafotokozera ana tanthauzo la kuzunza, ndipo kenaka nkuwafunsa. Nanga mwana akasiyidwa yekha, liulo amalimva bwanji? Peter K. Smith wa ku London ndi anzace anafufuza zimenezi m'maiko 14, nasindikiza zotsatira mu 2002. Anajambula zithunzi 25 za tianthu ta timizere: apa wina alikumenya wamng'ono, apo awiri ofanana alikumenyana, pena gulu lakana kusewera ndi mmodzi, pena wina wathyola rula ya mnzace mwangozi. Ana a zaka 8 ndi a zaka 14 anafunsidwa ngati cithunzi ciri conse cikuyenera liu lakuti-lakuti la m'cinenero cao, ndipo mau onse oyesedwa anali 67. Ana a zaka 8 anagawa zithunzizo pawiri pokha, zaukali ndi zosakhala zaukali. Kwa iwo ndeu ya ofanana ndi kupondereza wofooka zinali cimodzi-modzi. A zaka 14 ndiwo anatha kusiyanitsa ndeu ndi kuzunza, ndiponso kumenya, kunyoza ndi kusala. Zinaonekanso kuti mau a zinenero zosiyana salingana malire ace: liu lina limanena za manja, lina za pakamwa, lina za gulu.

Ku Canada, Tracy Vaillancourt ndi anzace anafunsa ana oposa 1,700 mu kafukufuku wosindikizidwa mu 2008, ena atapatsidwa tanthauzo, ena atauzidwa kulemba lao. Mwa olemba lao, pafupi-fupi onse anachula zoipa zocitidwa, koma kusiyana mphamvu anakuchula 26 mwa 100, kubwereza-bwereza 6 mwa 100, ndipo za dala osakwana 2 mwa 100. Ndiye kuti mphunzitsi ndi mwana angathe kuchula liu limodzi, ali yense alikuganiza zace. Kusamvana kwa mtundu womwewu kunabisa atsikana kwa nthawi yaitali: popeza ofufuza oyamba anayang'ana nkhonya, anayesa kuti bvutoli ndi la anyamata, kufikira pamene Kirsti Lagerspetz ndi Kaj Björkqvist a ku Finland anasonyeza mu 1988 kuti atsikana amalasana ndi miseche, kunong'onezana ndi kulandana abwenzi, zida zosasiya cipsera coti mphunzitsi aone.

Mwa maiko 14 aja munalibe dziko la mu Africa. Komabe bvutolo silicepa kuno. Lipoti la UNESCO la 2019 linati pa dziko lonse pafupi-fupi mwana mmodzi mwa atatu anazunzidwapo ndi anzace m'mwezi umodzi wapitawo, ndipo kum'mwera kwa cipululu ca Sahara anali pafupi-fupi theka la ana. Linatinso cifukwa cochulidwa kawiri-kawiri ndi maonekedwe a thupi, zimene mphunzitsi wokhala ndi mwana wacialubino kapena wolumala m'kalasi sangadabwe nazo. Kafukufuku wa zaumoyo wa ana a sukulu wocitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti oposa 4 mwa ana 10 ali onse anayankha kuti anazunzidwapo m'masiku 30 apitawo. M'masukulu a sekondale ogonera konko, kusautsa ana a Fomu 1 kwakhala mwambo wodziwika, woletsedwa m'malamulo a sukulu koma wobwerera caka ndi caka, pakuti wozunzidwa wa caka cino amapirira poyembekeza kudzabwezera pa obwera m'mbuyo mwace. Ku pulaimale, kucokera pamene maphunziro aulere anayamba mu 1994, makalasi ambiri a ang'ono akhala ndi ana oposa 100, ndipo mwana wa zaka 7 amakhala mphasa imodzi ndi wa zaka 12. Kusiyana mphamvu kumene Olweus ananena kuli m'kalasi momwemo.

Tsono Cicewa ciribe liu limodzi lokwana nkhani yonseyi, koma ciri nao mau ambiri, liri lonse ndi malire ace. Kuputa ndiko kuyamba dala, koma kungakhale kwa kamodzi. Kutonza ndi kunyogodola nza pakamwa. Kujeda kumacitika mwini wace palibe. Kusala ndi nchito ya gulu. Kuopseza kumayang'ana za mawa. Kulanda kumanena za cinthu, osati za mtima. Kusereula kuli pa malire peni-peni, pakuti wosereula akagwidwa amathawira ku nthabwala. Kupondereza ndilo liu lokhalo lonyamula kusiyana mphamvu m'kati mwace, koma ndi liu la akulu, lomveka pa nkhani za maufumu ndi za ndale. Kuzunza, limene lagwiritsidwa nchito m'nkhani ino posowa lina, ndi liu lolemera: mwana wa Sitandade 3 akalimva amaganiza za mwana wamasiye womanidwa cakudya, kapena za munthu womenya galu womangirira, ndipo sangaganize kuti likunenanso za mnyamata wa Sitandade 6 amene amamdikira kuseri kwa cimbudzi tsiku ndi tsiku.

Cifukwa cace mphunzitsi watsopano akaima pamaso pa kalasi nafunsa kuti, "Kodi alipo amene akuzunzidwa muno?" adzamva "Ai, aphunzitsi" wa onse pamodzi, ndipo anawo sadzakhala atanama. Ena sadziwa kuti liulo likuwanena, ena akuopa maso a mnzao wakhala kumbuyo, ndipo ena akusunga lamulo lakale lija la Tom Brown, ngakhale sanamvepo dzina lace. Njira imene mbiriyi yasonyeza ndi ya Olweus ndi Smith: kufunsa mwana payekha kapena pa pepala lopanda dzina, ndi kufunsa za zocitika osati za liu. Ndani amadya mbatata ya mnzace pa nthawi yopuma? Ndani amatsala yekha ena akamagawana magulu a phada kapena a mpira? Ndani ali ndi dzina limene iye salifuna? Ndi malo ati pa sukulu pano amene ana a Sitandade 1 amaopa kupitako? Mayankho a mafunso otere, atasonkhanitsidwa m'masukulu a kumudzi ndi a m'tauni pamodzi ndi mau amene anawo amachulira cinthu ciri conse, angakhale ciyambi ca nchito imene Smith anaicita m'zinenero za maiko 14 aja, m'mene munalibe Cicewa, Ciyao, Citumbuka, Cilomwe kapena Cisena.